Mulu wa magemu: mtengo wake weniweni uli pati?

Aliyense wa ife amene amakwera minibasi ya ku Mponela, ku Madisi kapena ku Ntchisi sukulu ikatsekera amadziwa chimene chimamudikira kunyumba. Chikwama chisanafike pansi, ang'ono athu atizungulira kale, ndipo moni sachedwa nawo: "Achimwene, mufoni mwanumo muli magemu?" Amene tili ndi laputopu ndiye timasanduka mafumu. Madzulo ana a nyumba zoyandikana amadzaza pakhonde, n'kuyamba kutifunsa mafunso amene kukoleji sitinaphunzire. Pakati pa FIFA ndi PES yabwino ndi iti? Free Fire ndi PUBG yoposa inzake ndi iti? Nanga uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp, woti magemu 20 akugulitsidwa pamtengo wa gemu imodzi, ndi woona?

Mafunsowa amaoneka achibwana, koma kumbuyo kwake kuli ndalama. Ndalama yake ndi ija makolo amatipatsa akagulitsa soya, mtedza kapena fodya, ija imayenera kutifikitsa kumapeto kwa semesita. Kulinso nthawi, yathu ndi ya ang'ono athu amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4. N'chifukwa chake taona kuti n'kwabwino tifotokozerane mmene msika wa magemu umayendera. Tikaumvetsa, tiona kuti mtengo wolembedwa pa gemu ndi kagawo kochepa chabe ka zimene munthu wa kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amalipira.

Mkangano wa pabenchi

Tiyambe ndi mpira, poti ndi kumene mkangano umatentha. M'malo ambiri ochitira malonda mumapezeka kachipinda kuseri kwa golosale kapena pafupi ndi ometa tsitsi. Mkatimo muli TV, benchi, makina a PlayStation ndi mapadi awiri omwe mwina anamangidwa kale ndi selotepi. Munthu amalipira pa mpira uliwonse, wogonja amadzuka, ndipo oonerera amachuluka kuposa osewera. Oonererawo ndiwo akatswiri a ndemanga.

A mbali ya FIFA, gemu ya kampani ya ku America ya EA Sports imene inayamba mu 1993, amati yawo ndiyo mpira weniweni chifukwa matimu ali ndi mayina awo enieni, mayunifomu enieni ndi nkhope zozindikirika. A mbali ya PES, gemu ya kampani ya ku Japan ya Konami, amayankha kuti mpira si malaya. Iwo amati mu PES mpira umalemera ngati mpira, kupatsirana kumafuna nzeru, ndipo chigoli chimabwera munthu atachikhetsera thukuta. A FIFA amawaseka powakumbutsa kuti kwa zaka zambiri PES inalibe chilolezo chogwiritsa ntchito mayina a matimu ambiri a ku England, moti Manchester United inkatchedwa Man Red ndipo Manchester City inkatchedwa Man Blue.

Chimene ambiri pabenchipo sadziwa n'chakuti mayina awiri akukanganiranawo anatha. Mu 2021 Konami inasintha dzina la PES kukhala eFootball, n'kuyamba kuipereka popanda kulipiritsa poyamba. EA nayo inasiyana ndi bungwe la FIFA itatulutsa FIFA 23, ndipo kuyambira mu September 2023 gemu yawo imatchedwa EA Sports FC. Komanso pa makina a PlayStation 2, omwe anatuluka m'chaka cha 2000, magemu a mpira omaliza kupangidwa ndi eni ake anali FIFA 14 ndi PES 2014. Choncho mukaona pa makina amenewa gemu yolembedwa chaka chino, yokhala ndi osewera amene asintha timu mwezi watha, dziwani kuti ndi gemu yakale imene anthu okonda mpira aiveka malaya atsopano.

Kodi zimenezi zikuchepetsa chisangalalo cha pabenchi? Ayi. PlayStation 2 yakhalitsa chifukwa ikugwirizana ndi moyo wathu. Inagulitsidwa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, motero yakale ndi zipangizo zake sizisowa. Sifuna intaneti. Sidya magetsi ambiri, moti sola ndi batire yabwino zimaiyendetsa. Ndipo anthu awiri amasewera atakhala benchi imodzi, wina akumva mnzake akupuma. Mfundo yoyamba ndi imeneyi: gemu siikhala yabwino payokha, imakhala yabwino pamalo pamene ikuseweredwa.

Gemu ya pamtunda ndi gemu ya kuchigwa

Mfundoyi imaonekera bwino pa magemu a pafoni. PUBG Mobile, imene inatuluka mu 2018, imaponya anthu 100 pachilumba chimodzi ndipo mpikisano umatha kutenga theka la ola. Zithunzi zake n'zokongola, koma imafuna foni yamphamvu. Free Fire ya kampani ya Garena, ya mu 2017, imatenga anthu 50, mpikisano umatha pa mphindi ngati 10, ndipo inapangidwa moganizira mafoni otchipa. Mnzathu wa ku Area 47 akanena kuti PUBG ndiyo gemu ya akuluakulu, sakunama. Koma mng'ono wathu wa ku Malomo, amene ali ndi kafoni ka itel kodzaza kale ndi nyimbo, akanena kuti Free Fire ndiyo imayenda, nayenso sakunama. Akuyerekeza mafoni awo, osati magemu.

Magemu onse awiriwa ali ndi vuto limodzi kwathu kuno: amafuna netiweki yosadukiza. Mukadina batani, uthenga umachoka pafoni yanu kupita ku kompyuta yaikulu imene ili kunja kwa dziko lino, kenako n'kubwerera. Ulendo umenewu ukachedwa ngakhale ndi theka la sekondi, mnzanu wa ku Johannesburg amakuonani inu musanamuone. Tonse tikudziwa mmene netiweki imachitira m'mapiri. Pamtunda imagwira, mukatsikira kudimba yasowa, ndipo pali nyumba zina zimene foni imalira pokhapokha ili pawindo limodzi. Kumalo otere gemu yodalira intaneti imadya bandulo n'kukubwezerani mkwiyo.

N'chifukwa chake Dream League Soccer, ya kampani ya First Touch Games ya ku Oxford, ili ndi otsatira ambiri kumudzi ngakhale kuti zithunzi zake sizifika pa za eFootball. Ndi yaing'ono, ligi yake munthu amatha kuisewera netiweki itasowa, ndipo imalola kuveka timu yako yunifomu imene ukufuna, kaya yofiira ya Bullets, yobiriwira ngati thambo ya Silver Strikers kapena ya Manoma. Ludo King ya ku India imalola anthu anayi kusewera pafoni imodzi, ndipo taonapo ikusonkhanitsa azakhali ndi adzukulu pamphasa imodzi. Akuluakulu ena amakumbukirabe kanjoka ka pa Nokia, kamene kanayamba mu 1997 ndipo sikanapemphepo bandulo kwa munthu. Akale anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Gemu imene ikutseguka pafoni yanu lero ikuposa yokongola imene mukungoiona pa YouTube.

Bandulo ya magemu n'chiyani?

Tsopano tibwere ku funso la magemu 20 pamtengo wa imodzi. Ife tikamva mawu oti bandulo timaganiza za intaneti ya Airtel kapena TNM. Pamsika wa magemu, mawu omwewa amatanthauza mulu: magemu angapo oikidwa pamodzi n'kugulitsidwa pamtengo umodzi wotsika, monga mmene amayi a pamsika wa Mponela amaunjikira tomato.

Malondawa anatchuka mu May 2010, pamene kampani yaing'ono ya ku America ya Wolfire Games inasonkhanitsa magemu asanu a opanga odziimira paokha, kuphatikizapo World of Goo ndi Aquaria, n'kuuza anthu kuti aliyense alipire ndalama imene akufuna. Wogula ankasankhanso kuti ndalama yake igawidwe bwanji pakati pa opanga magemuwo ndi mabungwe awiri othandiza anthu. Mulu umenewu, wotchedwa Humble Indie Bundle, unabweretsa ndalama zoposa madola 1 miliyoni m'masiku ochepa, ndipo pamenepo panabadwa kampani ya Humble Bundle imene ilipo mpaka lero. Mu June 2020 tsamba lina logulitsa magemu, la itch.io, linaunjika magemu ndi zinthu zina zoposa 1,700 pamtengo woyambira madola 5, ndipo linasonkhanitsa madola oposa 8 miliyoni othandizira mabungwe omenyera ufulu wa anthu akuda ku America. Sitolo yaikulu ya magemu a pakompyuta, Steam, imene kampani ya Valve inatsegula mu 2003, imatsitsa mitengo kangapo pachaka, makamaka mu June ndi mu December. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse.

Choncho yankho loyamba n'lakuti inde, malonda otere alipo ndipo ena ndi oona. Koma wogulitsa angapindule bwanji atatsitsa mtengo ndi 90 peresenti? Apa ndi pamene gemu imasiyana ndi tomato. Mlimi akafuna kugulitsa mulu wachiwiri, ayenera kulima, kuthirira ndi kunyamula tomato wina. Wopanga gemu amawononga ndalama zambiri popanga gemuyo kamodzi, koma kope lachiwiri, lachikwi kapena la miliyoni silimutengera pafupifupi chilichonse. Anthu okonda gemuyo akaigula pamtengo wonse m'miyezi yoyamba, otsala ndi aja sakanaigula n'komwe. Kwa iwowo ngakhale dola imodzi ndi phindu. Mulu umathandizanso magemu osadziwika: gemu imodzi yotchuka imakoka wogula, ndipo zinazo zimalowa ngati banyira.

Tiwerengetsere za mulu wa 1,700 uja. Munthu atamatsegula chinthu chimodzi tsiku lililonse, osadumpha ngakhale tsiku limodzi, angatenge zaka zoposa zinayi ndi theka kuti aumalize, kuposa nthawi imene ambiri a ife timatenga kuti tipeze digiri. Ogula ambiri kunja amavomereza okha kuti ali ndi magemu ochuluka amene sanawatsegulepo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati mu mulu wa magemu 20 mukufunamo imodzi yokha, ndiye kuti ndalama yonseyo mwagulira gemu imodziyo. Funso n'lakuti kodi imodziyo ikuyenera mtengowo?

Ogulitsa amadziwanso mmene mtima wa munthu umagwirira ntchito. Amalemba mtengo wakale, n'kuudula ndi mzere, kuti maso aone ndalama imene "mwapulumutsa" osati imene mwatulutsa. Pambali amaika wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo kuti muchite changu. Koma taona kale kuti mitengo imatsika chaka chilichonse. Mwayi womaliza umenewo udzabweranso mu December.

Mtengo umene sulembedwa

Tinene kuti mwapeza mulu woona, ndipo magemu ake mukuwafunadi. Kwa munthu wa ku London nkhani yathera pomwepo. Kwa ife ndi pamene yayambira.

Choyamba, mtengowo uli m'madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inafika pa K1,700 kubanki. Pa mtengo umenewo, gemu yatsopano ya madola 70 inali K119,000, ndipo mulu wa madola 5 unali K8,500. Kulipira kwake kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula zinthu kunja, ndipo m'nyengo ya kusowa kwa ndalama zakunja makadi otere amakhala ndi malire kapena amakana kumene. Amene amadutsira kwa munthu wina amalipira dola pamtengo wa pamsewu, wokwera kuposa wa kubanki.

Chachiwiri, gemu yogulidwa pa intaneti iyenera kutsitsidwa pa intaneti. Magemu akuluakulu ambiri a masiku ano amafika 50GB kapena kuposa, ndipo EA Sports FC 24 ya pakompyuta imafuna malo okwana 100GB. Tengani mtengo wa bandulo ya 1GB lero, muchulukitse ndi 50, muone ngati madola 5 aja akadali otchipa. Ndipo sizithera pomwepo, chifukwa magemu ambiri amafuna zowonjezera zatsopano pafupipafupi asanalole kutseguka. Bandulo ya magemu imadya bandulo ya intaneti.

Chachitatu ndi makina. Malaputopu ambiri amene timalembera maasayimenti anapangidwira ntchito ya muofesi. Alibe kachipangizo kapadera kojambula zithunzi za magemu akuluakulu, moti gemu imatseguka koma osewera amayenda ngati akuwoloka dambo nthawi ya dzinja. Gemu iliyonse pa Steam imalemba mphamvu ya kompyuta imene ikufunika. Kuwerenga mizere imeneyo musanalipire n'kwaulere. Steam imabwezanso ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo mwasewera maola osakwana awiri, koma lamuloli ndi la magemu ogulidwa pa Steam pomwepo, osati makiyi ogulidwa kwina.

Chachinayi ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Kwa ambiri a ife kutchaja foni ndi ulendo komanso ndi ndalama. Batire imene yathera pa gemu masana ndi yomweyo imene amayi amafuna usiku kuti alandire ndalama kapena aitane njinga yamoto wina akadwala.

Mulu wa pamsika wathu

Chifukwa cha zovuta zimenezi, kwathu kunabadwa mulu wamtundu wathu. Kumalo obenera nyimbo ndi mafilimu, munthu amapereka memole khadi kapena fulashi, n'kumuthiriramo magemu ochuluka pamtengo wochepa. Ubwino wake ndi woonekeratu: palibe dola, palibe khadi la kubanki, palibe bandulo. Ambiri mwa magemuwa ndi a makina akale a PSP, amene amaseweredwa pafoni kudzera mu pulogalamu yotchedwa PPSSPP.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mmodzi wa ife anathiritsa mulu wotere tchuthi chapitachi. Atafika kunyumba, magemu oposa theka anakana kutseguka, ena anali a chilankhulo chimene sankachimva, ndipo imodzi itangolowa mufoni inapempha chilolezo chowerenga mauthenga ndi kuona manambala a anthu. Kodi gemu ya mpira ikufuna chiyani m'mauthenga anu? Kumbukirani kuti foni yomweyo ndi imene imasunga ndalama zanu za fizi ndi mauthenga a kubanki. Pulogalamu imene yasinthidwa ndi munthu wosadziwika ikhoza kubisa chilichonse, ndipo wothira magemuyo nthawi zambiri sadziwa n'komwe, poti nayenso anangoitenga kwa wina.

Palinso nkhani ya umwini. Magemu ambiri a m'miyulu imeneyi amakoperedwa popanda chilolezo cha eni ake. Timadandaula oimba athu akamafa osauka nyimbo zawo zikubenedwa pamsika uliwonse, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi zimenezi kwa zaka zambiri. Wopanga gemu nayenso ndi mmisiri amene anakhala pansi miyezi kapena zaka.

Choopsa kwambiri ndi ogulitsa maakaunti pa WhatsApp ndi Facebook. Amalonjeza akaunti yodzaza magemu kapena timu ya osewera apamwamba, mutumize ndalama kaye. Ena amangosowa ndalama ikalowa. Ena amaperekadi akauntiyo, koma pakapita sabata amaibweza kwa iwo eni pogwiritsa ntchito imelo imene anatsegulira, n'kuigulitsanso kwa wina. Kokadandaula kulibe, chifukwa malamulo a makampani a magemu amaletsa kugulitsana maakaunti.

Zaulere zimene zimalipiritsa

Nanga magemu aulere, monga Free Fire, PUBG Mobile ndi eFootball, eni ake amadya chiyani? Amakulowetsani ulere, n'kukugulitsani zinthu muli mkati: zovala za msilikali wanu, zida zokongola, osewera mpira otchuka. Simulipira m'makwacha mwachindunji. Mumayamba mwagula ndalama ya mugemumo, monga madayamondi a Free Fire kapena UC ya PUBG Mobile, ndipo mtengo ukalembedwa m'madayamondi mutu suwerengeranso kuti ndi mabanzi angati.

Njira imene yadzetsa mkangano padziko lonse ndi ya mabokosi otseka. Mumalipira musanaone chimene chili mkati. Aliyense amene anaonapo wamalonda akutsegula belo la kaunjika akudziwa mmene mtima umagundira: mwina mutuluka majekete abwino, mwina sanza zokhazokha. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kaunjika amagulitsa ngakhale sanzazo, pomwe zotuluka mu bokosi la gemu sizivalidwa, ndipo mwayi wopeza chinthu chapamwamba amaukonza ndi mwini gemu yemweyo. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otere, akamagulidwa ndi ndalama, ndi juga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa ndalama ya mu FIFA m'dzikolo.

Apa tiyenera kutchula kandege. Aviator, ya kampani ya Spribe, imaoneka ngati gemu: ili ndi zithunzi, phokoso ndi batani. Koma mulibe luso limene munthu angaphunzire kuti azipambana. Pamene ndegeyo ithawire pamasankhidwa ndi makina, ndipo masamu ake anakonzedwa kuti pakapita nthawi kampani ndiyo itsale ndi phindu. Imeneyi ndi juga, malamulo a dziko lino saloleza ana osakwana zaka 18 kuichita, ndipo ogulitsa mapulogalamu "olosera" kandege akungodyera anthu amene aluza kale. Mng'ono wathu akazolowera kutsegula mabokosi ali ndi zaka 12, mtunda wokafika ku kandege umakhala waufupi.

Mwagula kapena mwabwereka?

Pali chinthu china chimene ngakhale ogula mwachilungamo amachizindikira mochedwa. Pa 31 March 2024 kampani ya ku France ya Ubisoft inazimitsa makompyuta amene ankayendetsa gemu yake ya magalimoto yotchedwa The Crew, imene inatuluka mu 2014. Kuyambira tsiku limenelo gemuyo inasiya kugwira ntchito kwa aliyense, ngakhale amene anaigula pamtengo wonse. Chaka chomwecho Steam inayamba kulemba poyera, munthu asanalipire, kuti chimene akugula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito gemu, osati gemuyo.

Yerekezani ndi bawo ya agogo. Thabwa la maenje 32 m'mizere inayi, ndi nkhomo 64. Linasemedwa kamodzi, laseweredwa zaka makumi, ndipo palibe kampani imene ingalizimitse. Sitikunena kuti aliyense ataye foni n'kubwerera pansi pa mtengo wa mango. Tikunena kuti bawo imatipatsa muyeso wabwino. Tengani ndalama zonse zimene gemu yakudyerani, mugawe ndi maola amene mwasangalala nayo, muonenso kuti ndi anthu angati amene asangalala nanu. Pa muyeso umenewu PlayStation 2 ya pabenchi ndi Ludo ya pamphasa zimaposa mulu wa magemu 20 amene agona mu akaunti.

Ndalama ina imene siibwerera ndi nthawi. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika vuto la kukomedwa ndi magemu pa mndandanda wake wa matenda, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu January 2022. Bungweli silinena kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Limanena za anthu ochepa amene alephera kudziletsa, amene gemu yadutsa sukulu, ntchito ndi abale pa moyo wawo, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona zikuwapweteka, kwa chaka kapena kuposa. Ife ophunzira sitifunika kudikira chaka. Tikaona tikulowa m'kalasi ya 7:30 maso ali psuu chifukwa cha "mpira umodzi womaliza," tadziwa kale.

Mulu umene ungatipindulire

Si mulu uliwonse umene uli msampha. Magemu ang'onoang'ono a opanga odziimira paokha nthawi zambiri safika ngakhale 1GB, amayenda pa laputopu wamba, ndipo ena safuna intaneti mukangowatsitsa. Humble Bundle imagulitsanso miyulu ya mabuku, kuphatikizapo ophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kwa wophunzira mulu wotere ungapindule kuposa wa magemu. Palinso magemu amene eni ake amalola aliyense kukopera ndi kugawa, monga SuperTuxKart ya mpikisano wa magalimoto ndi 0 A.D. ya nkhondo za makedzana. Mmodzi akatsitsa pa Wi-Fi, fulashi imodzi ikhoza kuzungulira mudzi wonse popanda kubera munthu.

Ndipo sikuti Afirika anabadwira kugula basi. Mu 2016 kampani ya Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, gemu yozikidwa pa zikhalidwe za kuno, ndipo ikugulitsidwa pa Steam. Ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, achinyamata akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta pamalo ngati TakenoLAB. Pulogalamu ya Scratch, yopangidwa ku MIT, ndi yaulere, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo mwana wa pulayimale akhoza kupangira kagemu kake masana amodzi. Mng'ono wathu amene amadziwa mabatani onse a Free Fire akhoza kudabwa ataona mbuzi imene waijambula yekha ikudumpha pa sikirini chifukwa iye wailamula.

Tisanatulutse ndalama, tsono, tidzifunse mafunso asanu. Mu muluwu, ndi magemu angati amene ndikanagula akanakhala okha? Kodi ayenda pa makina amene ndili nawo? Adya bandulo yochuluka bwanji, lero ndi mwezi wamawa? Netiweki ikasowa, atseguka? Ndipo ndalamayi inali ya chiyani ndisanaone uthengawu?

Tchuthi chikubwerachi ana adzadzazanso pakhonde, ndipo funso lidzakhala lomwe lija: "Achimwene, achemwali, yabwino ndi iti?" Tisathamangire kutchula dzina. Tiyambe tawafunsa kuti foni ndi ya ndani, yatsala ndi malo ochuluka bwanji, netiweki imagwira pati, ndipo akufuna kusewera ndi ndani. Akayankha, gemu yabwino adzaitchula okha. Kenako tiwapatse padi, tiwachinye zigoli ziwiri, batire isanathe.